Chopalira Matabwa cha Malemu Gaskins

Casimir Dudek anachiika pa tebulo kuti alandire donasi, ndipo asanalume n'komwe, dzanja la Lemuel Gaskins linali litachitola kale.

"Iyayi, iyayi, a Gaskins," anatero Dudek. "Chimenecho ndimachiona ine."

"Mumachiona," anayankha Lemuel. "Tsopano ndikuchiona ine."

Chinali chopalira matabwa chachitsulo, chachitali ngati mkono wa munthu, cholemera ngati khanda lonenepa. Pa mpeni wake panali dzina la Brockett ndi kanyenyezi pamwamba pa dzinalo. Koma Lemuel sankayang'ana zimenezo. Maso ake anali m'mbali mwa chitsulocho, pamene wina adakhoma timadontho ndi msomali mpaka kupanga zilembo ziwiri, T ndi G, ndiponso kumchira, kumene kunali bowo lopendekeka pang'ono. Amene adaboola bowolo anali bambo ake, malemu Thurman Gaskins, pofuna kuti azichikoleka pakhoma m'chipinda chapansi. Lemuel analipo tsikulo. Ndi iye amene adatsamira tebulo n'kuligwedeza, bowo n'kupendekeka, khofi n'kumupeza kukhutu.

Linali Loweruka la mu Okutobala, m'mawa wozizira. Kamodzi pachaka anthu osonkhanitsa zipangizo za Brockett ankakumana pabwalo loimikapo magalimoto kuseri kwa fakitale yakale. Fakitaleyo inali ya mfuti. Nkhondo yoyamba yaikulu itatha, ofuna kuphana atachepa kwa kanthawi, eni ake adayamba kusula nyundo, masowo, nkhwangwa ndi zopalira matabwa kuti ng'anjo zisazime. Nkhondo yachiwiri itayandikira adabwerera ku ntchito imene ankaidziwa bwino. Zipangizo za zaka zochepa za pakatizo ndi zimene amuna a imvi a ku Connecticut konse ankadzukira mbandakucha, kudzaziyala pa matebulo ndi kumbuyo kwa magalimoto, kuzisisita ndi kunamizana.

Fakitale idatsekedwa kalekale. Nyumba zake za njerwa zofiira, mmene agogo a Lemuel adapsereza mapapo awo ku ng'anjo atabwera kuchokera ku Carolina, tsopano zinali zogonamo achinyamata olemera amene agalu awo amavala majuzi. Lemuel adachoka m'tawuni muno wezulo wa fakitale akadalira m'mawa uliwonse. Adakhala ku Oakland, kutali ku California, zaka zoposa makumi atatu akugwira ntchito padoko, ndipo atabwerera adapeza kuti pamene anthu ankametera tsitsi pakugulitsidwa khofi wa dzina lothyola lilime. Amati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Amene adapeka mwambiwo sadabwerereko kwawo n'kukafunsidwa ndi mlonda wa pageti ngati wasochera.

Gululi linalibe malamulo ambiri, koma limodzi linali lolimba kuposa a kutchalitchi. Chinthu chikakhala m'manja mwa munthu, wina sachikhudza, sachinenerera. Akachiika pansi, chapita. Wochigwirayo saloledwa kuchoka nacho pa tebulo, ndipo malonda amatha ndi kugwirana chanza basi. Amene ankalalikira lamulo limeneli chaka ndi chaka, chala chili m'mwamba, anali Dudek yemweyo, wapampando wa gulu.

"Madala, tawauzani," anatero Dudek kwa mwini tebulo. "Tinangotsala pang'ono kugwirizana."

Mwini tebulo anali Norbert Pelkey, nkhalamba yopyapyala imene inakhala pa mpando wopinda, bulangeti lili m'maondo.

"Kutsala pang'ono si kufika, Casimir," anatero. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Iwe wasankha donasi. Idya."

Amuna amene anali pafupi anaseka. Lemuel sanaseke. Anachikumbatira chopaliracho pachifuwa ngati akuopa kuti chizizidwa.

"Mwachipeza kuti, madala?"

"M'bokosi la zitsulo za dzimbiri kwa mayi wina wamasiye ku Meriden. Amuna awo nawonso adachitola kwina. Chayenda chimenecho, ngati iwe."

"N'cha bambo anga."

Phokoso linachepa. Wina anatsokomola. Aliyense pabwalopo ankadziwa kuti Lemuel amasakasaka zipangizo za bambo ake, ndipo ambiri ankadziwanso chifukwa chake. Mkuluyo atamwalira, mlongo wake wamkulu wa Lemuel, Earline, adayala katundu yense pa kapinga wa pakhomo n'kugulitsa, bokosi la zipangizo pamodzi ndi mipando ndi mapoto. Lemuel adamva za bokosilo pafoni ali ku Oakland. Mawu amene adalankhula tsikulo ndi amene adachititsa kuti chibwerereni, zaka ziwiri tsopano, awiriwa azingopatsana moni wa pamaliro.

"Pepani kumva zimenezo," anatero Dudek, ndipo ankaoneka kuti akunena zochokera pansi pa mtima. "Koma tiyeni tilankhule ngati anthu odziwa zitsulo. Thupi lakelo n'lakufa. Lili ndi bowo, lili ndi zilembo za munthu, utoto udatha. Palibe angaliike pa shelefu. Chamoyo pamenepo ndi mpeni wa kanyenyeziwo ndi chogwirira chake, basi."

Lemuel ankadziwa kumene nkhaniyo inkalowera. Dudek anali ndi thupi lina kunyumba kwake, losalala, la utoto wa kufakitale, lopanda chipsera n'chimodzi chomwe, koma lopanda mpeni. Adaudikira mpeni wa kanyenyezi kwa zaka zambiri, chifukwa mipeni yotere idasulidwa yochepa, m'chaka choyamba chokha. Pagulupo ntchito imeneyi ankaitcha kukwatitsa: kuchotsa chiwalo chabwino pa chipangizo chotha n'kuchiika pa chinzake. Ukwati ukatha, chotsalacho chinkaponyedwa mu mgolo wa zitsulo zokasungunula.

"Mukufuna chiyani, madala?" Lemuel anafunsa.

"Usanditchulire ndalama. Ndikagule chiyani, mano?" Norbert sankagulitsa, ankasinthanitsa, ndipo mtima wake unali pa nkhwangwa zokha. "Casimir amandipatsa mutu wa nkhwangwa wopanda mpini, dzina lake lofufutika ngati la pamanda akale. Iwe uli ndi chiyani?"

Ndi dzanja limodzi Lemuel anatsegula chikwama chake n'kutulutsa zosemera ziwiri, tupa, ndi kasowo ka chogwirira chosema bwino. Norbert anaziyang'ana ngati munthu amene wamuonetsa ndiwo zadzulo.

"Ukudziwa chimene ndikufuna, mnyamata."

Lemuel ankadziwa. Kunyumba kwake, m'kabati yokhoma, munali kankhwangwa ka Brockett kamene sikadadulepo ngakhale phesi. Mpini wake unali wofiira ngati wopakidwa dzulo, pepala la fakitale likadali lomata pa mutu wake, katoni yake ili yomweyo. Adakapeza m'sitolo ina imene inkatsekedwa kumapiri a ku Oregon, ndipo adayenda nako nyumba ndi nyumba, ukwati wake utatha n'komwe. Atangolowa m'gululi, iye yekha munthu wakuda pakati pa matebulo onsewo, anthu ankamupatsa moni ndi chibwano. Tsiku limene adabweretsa kankhwangwako onse adaphunzira dzina lake, ndipo ena adavula zipewa. M'gulu lonse munalibe wina wokhala ndi kotero.

Anayang'ananso bowo lopendekeka lija.

"Kali kunyumba," anatero.

"Si patali," anatero Dudek, akumwetulira. "Chiikeni pamenepo mukatenge. Tikusungirani."

"Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, a Dudek. Madala, tigwirane chanza pompano, ndikubweretserani dzuwa lisanapendeke."

Norbert anabisa manja m'bulangeti.

"Sindigwira chanza pa chinthu chimene sindinachione lero. Ndidziwa bwanji kuti mbewa sizidadye pepala lija? Ndione kankhwangwa pa tebulo pano, ndiye tigwirane. Koma udziwe, dzuwa likafika pamutu mlonda atithamangitsa, eni magalimoto akufuna malo awo. Ndikamaliza kulongedza, chimenecho chibwerera pa tebulo, ndipo wothamanga dzanja ndiye mwini."

Maso a nkhalambayo ankawala. Zaka zinali zitapitapo isanaone masewera okoma chonchi pa tebulo lake.

Lemuel anayang'ana amuna amene anamuzungulira. Kutuma mmodzi wa iwo ndi makiyi a kabati kunali kutuma fisi kukatenga mbuzi, ndipo ngakhale wachilungamo pakati pawo sakanafuna kudana ndi wapampando chifukwa cha chitsulo chobooka. Anasintha mkono, n'kuima chilili.

Dudek anapita ku galimoto yake, anabwera ndi mpando, n'kukhala moyang'anana naye, mwendo pa unzake.

Nkhani inayenda pabwalo lonse. Anthu anasiya matebulo awo kudzaona.

"A Gaskins, mwana wanuyo dzina lake ndani?"

"Mubereke kumbuyo, akulu, manja apume!"

"Akufuna kuyamwa ameneyo, taonani kukamwa kuli yasa."

"Sekani," anatero Lemuel. "Mano a nkhalamba amafuna mphepo."

Chitsulo chozizira chinayamba kumuluma zala. Phewa lake lakumanja, limene lidaonongeka ndi zingwe za padoko, linayamba kulira, kenako lakumanzere linavomera. Akasintha mkono, maso a Dudek ankatsatira chopaliracho ngati a mphaka pa nsomba. Mtsikana wina wa m'nyumba zija anadutsa ndi kagalu kake, anaima, n'kufunsa ngati pakujambulidwa kanema.

Patapita nthawi Dudek anatuma munthu kukagula khofi wa kapu yaikulu, n'kumupereka kwa Lemuel ndi manja awiri.

"Imwani, mwazizidwa."

"Chimbudzi chili tsidya lija la bwalo, a Dudek. Ndikuuona msampha wanuwo. Imwani nokha, tione amene ayambe kunyamuka."

Norbert anaseka mpaka kutsamwa.

Dudek anaika kapuyo pansi n'kusendera pafupi. Analankhula motsitsa mawu, mwaulemu, ngati munthu wopepesa maliro.

"A Gaskins, tisachititsane manyazi. Inu mukufuna zilembozo ndi bowolo, si choncho? Dzanja la bambo anu lili pa thupilo. Ine thupi sindikulifuna. Ndimalize ndi madalawa, ndimasule mpeni ndi chogwirira, thupi ndikupatseni ulele. Kankhwangwa kanu kakhale kanu. Aliyense apite kwawo ali ndi chake."

Anthu anang'ung'udza movomereza.

"Mawu anzeru amenewo."

"Landirani, akulu. Simupeza mwayi wina wotero."

Anali mawu anzeru ndithu, ndipo mapewa a Lemuel anali oyamba kuwavomera. Dudek anaona kuti wafika pofewa, anawonjezera.

"Agogo anga nawonso adagwira ntchito m'nyumba imeneyo, m'chipinda chonolera. Mwina mpeni umenewo udadutsa m'manja mwawo. Inenso ndili ndi anthu anga pamenepo."

Dudek akanalekera pa mawu oyamba aja, mwina akanawina.

"M'chipinda chonolera," anatero Lemuel pang'onopang'ono. "Chapamwamba chija, cha mawindo aakulu. Ndikuchidziwa. Agogo anga ankachionera panja. Iwo anali pansi, ku ng'anjo, kumene ankatumizako anthu a khungu ngati langali, ndipo masitepe okwerera kwanuko sadawapondepo mpaka kufa. Thupi limeneli mwina adalithira ndi iwo. Tsono lero mukuti zapamwamba zipite pa shelefu kwa a Dudek, zapansi apatsidwe Gaskins ulele, athokoze."

"Sindinatero ine."

"Agogo adachigula chathunthu ndi thukuta lawo. Bambo adapala nacho makonde a theka la msewu wathu, chathunthu. Chopalira chopanda mpeni n'chiyani? N'chopinga chitseko kuti mphepo isachimenyetse. Dzina la Thurman Gaskins silikapinga chitseko cha munthu, ngakhale changa."

"Ndiye muima pomwepo mpaka mikono ithothoke."

"Ithothoke. Mudzatola chopalira ndi mikono yomwe, mukaone ngati idzakwatitsike."

Dudek anabwerera pa mpando wake, nkhope itafiira. Norbert anakweza maso kuyang'ana dzuwa, kenako anayamba kukulunga nyundo zake m'nyuzipepala, imodziimodzi, mosafulumira.

M'tawuni monse munali munthu mmodzi yekha wokhala ndi kiyi wina wa nyumba ya Lemuel. Lemuelyo adamuponyera kiyiyo m'bokosi la makalata atangofika, poopa kudzafera m'nyumba yokhoma n'kudziwika ndi fungo. Lemuel anapanikiza chopaliracho ndi chigongono, anatulutsa foni, n'kuimba ndi chala chouma.

"Achemwali, ndine."

"Ndani?"

"Lemuel."

"Wamwalira ndani?"

"Palibe."

"Ndiye ukuimbiranji?"

Pafonipo pankamvekanso mafuta akuthetheka ndi amayi akukuwa. Linali tsiku lokazinga nkhuku kutchalitchi, ndipo Earline ndiye anali mwini chiwaya chachikulu. Lemuel anafotokoza mwachangu: chopalira cha bambo, Dudek wofuna kuchiphwasula, lamulo la manja, kankhwangwa m'kabati, kiyi wa kabati m'kapu pamwamba pa fuliji, dzuwa.



"Zaka ziwiri," anatero Earline. "Zaka ziwiri uli m'tawuni muno, foni yako yoyamba ndi ya chitsulo."

"Achemwali, ndikupempha."

Foni inaduka.

"Akubwera?" anafunsa Norbert.

"Akubwera," anatero Lemuel, ngakhale sankadziwa.

Matebulo anayamba kupindidwa. Magalimoto angapo anachoka, koma ambiri anatsala, eni ake atatsamira zitseko, akudikira kuona mapeto. Mlonda anatuluka m'kanyumba kake, anayang'ana wotchi, n'kubwereranso. Lemuel sankazimvanso zala zake. Thukuta linkatsika kumsana ngakhale kunkazizira. Palibenso amene ankamuseka. Pa tebulo la Norbert panatsala nyundo zitatu ndi nyali yakale.

Kenako galimoto yobiriwira, yakale, inalowa pageti osaima kwa mlonda, n'kudzaima mopingasa pakati pa bwalo. Munatuluka mayi wamfupi, wojintcha, epuloni ili m'chiuno, kaneti kali kumutu, ufa uli m'mikono. Fungo la nkhuku yokazinga linafika iye asanafike. M'manja mwake munalibe kanthu.

Lemuel anayang'ana manjawo kawiri.

"Kankhwangwa kali kuti, achemwali?"

"Kali komwe udakasiya. Ine sindilowa m'nyumba imene sindidaitanidwepo. Kiyi si kuitana."

"Ndiye mwabwereranji?"

"Kudzaona chitsiru cha kwathu chitaima pa dzuwa ndi chitsulo. Amayi akutchalitchi andituma ndikawauze mmene chikuonekera." Anasendera pafupi n'kuyang'ana. Anatambasula chala, koma sanakhudze; anangochiyendetsa m'mwamba mwa timadontho tija, T kenako G. "N'chomwecho. Chogwiriracho chidang'aluka pansi, adachimata ndi guluu wonunkha uja. Ndani akufuna kuchiphwasula?"

"Mayi, palibe akuphwasula kanthu," anayamba Dudek, akuimirira. "Ife timasunga mbiri. Zinthu zimenezi zikanakhala kuti si ife..."

"Ndinu a Dudek? Mayi anu ankagulitsa buledi pakona paja. Masitepe a sitolo yawo adawapala ndi bambo anga, ndi chimenechi. Khalani pansi."

Dudek anakhala, kenako anadabwa kuti wakhala.

Earline anapukuta manja pa epuloni n'kuwatambasula, zikhatho zili m'mwamba.

"Bweretsa kuno. Iwe thamanga ukatenge chidole chakocho."

"Aaa, zimenezo ndiye ayi!" Dudek anadzukanso. "Mayiwa si a m'gulu. Lamulo likuti wochigwira akachisiya, chapita."

"Lamulo likuti akachiika pansi," anatero Norbert. "Ndalimva kwa iwe chaka ndi chaka mpaka ndimalilota. Manja a mayiwa ndi pansi?"

"Koma sizinachitikepo!"

"Chifukwa ife tonse tilibe wotigwirira, Casimir. Akazi athu adatitopa kalekale." Nkhalambayo inatsamira mpando. "Chikapanda kukhudza tebulo, chikadali m'manja mwa a Gaskins. Awa ndi a Gaskins, awonso ndi a Gaskins. Koma ndatsala ndi nyali yokha kuti ndimalize kulongedza."

Lemuel anasendeza chopaliracho kufupi ndi manja a mlongo wake. Earline anabweza manja pang'ono.

"Dikira. Timvane kaye. Chikachoka pano chikupita kwanga."

"Chiyani?"

"Wamva. Chikakhala kwanga, pa msomali, m'khitchini."

"Achemwali, ndikutaya kankhwangwa kanga! Mukudziwa kuti ndi chiyani kameneko? Anthu onsewa adandidziwira komweko."

"Ndiye akudziwa zochepa."

"Inu ndi amene mudachigulitsa!"

Mawuwo anamveka bwalo lonse. Amuna ena anayang'ana nsapato zawo. Earline sanaphethire.

"Ndidachigulitsa. Ndipo ukanandisiyanso ndekha ndi nyumba yonse ija, zipinda zodzaza mpaka kudenga, iwe uli kunyanja ukutumiza maluwa, ndikanachigulitsanso. Usadikire kuti ndipepese, udzakalamba kawiri. Iwe umachoka, Lemuel. Ndi khalidwe lako. Mawa kukakuzizira udzalongedza, chimenechi n'kukathera m'bokosi la mayi wina wamasiye ku California. Chinthu chimakhala ndi amene amakhala."

"Ndiye ine ndipindula chiyani?"

"Ukafuna kuchiona udzabwera Lamulungu, utasamba, udzagogoda pakhomo ngati munthu. Ukafuna kupala kanthu udzapalira pakhonde panga. Apo ayi, khala nacho, tione ngati dzuwa likudikire. Ine nkhuku zikupserera."

Dudek anaona mpata.

"A Gaskins, mawu anga aja akadalipo. Thupi n'lanu, mupita nalo kwanu lero lomwe, kankhwangwa osakakhudza. Kwa mayiwa mutaya zonse ziwiri."

Zinali zoona. Lemuel anaziwerenga m'mutu mwake ndipo zinatuluka chimodzimodzi: kabati yopanda kanthu, khoma lopanda kanthu, ndi chaka chamawa moni wa chibwano pabwalo lino. Anayang'ana Dudek, wovala bwino, wodekha, wanzeru zake. Anayang'ana mawindo aakulu a chipinda chapamwamba, mmene tsopano munali maluwa a m'miphika ndi njinga yokoleka pakhoma. Kenako anayang'ana mlongo wake. Chibwano chimene Earline anatukula chinali cha Thurman Gaskins, chosapempha, chosapepesa.

"A Dudek," anatero, "thupi lanu losalala lija lidikirebe. Likafuna mkazi likafunsire kwina. Kuno mbeta palibe."

Anaika chopaliracho m'manja mwa Earline. Zala zake zinakana kutambasuka, zinali zitauma mozungulira chitsulo, ndipo Earline anachita kuzimasula chimodzichimodzi ndi chala chake chachikulu chonona mafuta.

"Pita," anatero. "Usathamange ngati wamisala, pa mlatho pali apolisi."

Norbert anatenga nyali ija, anaiyang'ana uku ndi uku, n'kuiikanso pa tebulo.

"Nyali imeneyi ikufuna nyuzipepala yofewa," anatero. "Ndiyambe ndaifunafuna."

Lemuel anayenda kupita ku galimoto yake, mikono ikulendewera ngati ya wina. Makiyi anamugwa kawiri asanatsegule chitseko. Akuwerama kachiwiri anamva mawu a Dudek kumbuyo, aulemu, oyesa komaliza.

"Mayi, n'cholemera chimenecho. Mutopa nacho. Bwanji mungochitsamiritsa pang'ono pa tebulopo?"

"Mwini wake ndidamunyamula zaka zitatu, bambo, kuchoka pa bedi kupita kubafa, m'mawa ndi madzulo," anatero Earline. "Ichi n'chiyani?"

Lemuel sanacheuke. Anakhala kanthawi atagwira chiwongolero, zala zikubwerera moyo ndi ululu wonga wa singano. Kenako analiza galimoto n'kutuluka pageti, kukatenga kankhwangwa.